Ana Oimba a Nyenyezi ku Germany: Mafunso ndi Mayankho pa Chifundo cha Ana M'nyengo ya Khirisimasi

Ikafika nyengo ya Khirisimasi, ambiri a ife timaganiza za mwana ngati munthu woyenera kulandira: malaya atsopano, nsapato, mbale ya mpunga ndi nkhuku. Ku Germany ndi ku mayiko oyandikana nako kuli mwambo umene umatembenuza maganizo amenewa, pakuti kumeneko ana ndiwo amatuluka m'nyumba kukasonkhanitsa thandizo la ana anzawo a m'mayiko akutali. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu womva nkhaniyi koyamba amakonda kufunsa.

Kodi ana oimba a nyenyezi ndi ndani, ndipo amachita chiyani?

M'Chijeremani amatchedwa Sternsinger, kutanthauza oimba otsogozedwa ndi nyenyezi. Ndi anyamata ndi atsikana, ambiri mwa iwo a msinkhu wa ku pulayimale, amene pakati pa Khirisimasi ndi chikondwerero cha Epifania, pa 6 Januwale, amavala mikanjo ndi zisoti zachifumu ngati anzeru a kum'mawa aja, n'kumayenda khomo ndi khomo m'timagulu ta ana atatu kapena anayi. Mmodzi amanyamula ndodo yokhala ndi nyenyezi kunsonga, wina kabokosi ka ndalama kotseka, wina choko chodalitsidwa, ndipo m'madera ena pamakhalanso wonyamula chofukizira lubani. Kumbuyo kwawo kumakhala munthu wamkulu kapena wachinyamata wowaperekeza.

Eni nyumba akatsegula chitseko, anawo amaimba, amanena mawu a dalitso amene adawaloweza, amalemba chizindikiro pamwamba pa khomo, kenako amapempha chopereka cha ana ovutika. Izi zimachitika pakati pa nyengo yozizira kwambiri ya ku Ulaya, pamene dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5 koloko madzulo, ndiponso pa masiku a tchuthi amene mwana akadatha kukhala m'nyumba yofunda akusewera ndi mphatso zake. Ku Germany kokha ana ochita zimenezi amakwana pafupifupi 300,000 pa chaka, ndipo ku Austria amakwana pafupifupi 85,000.

Mwambo umenewu udachokera kuti?

Muzu wake uli mu Uthenga Wabwino wa Mateyu, mutu 2, pamene anzeru a kum'mawa adatsata nyenyezi mpaka ku Betelehemu atanyamula golide, lubani ndi mure. Baibulo silinena kuti adali mafumu, silinenanso kuti adali atatu. Chiwerengerocho anthu adachitenga pa mphatso zitatu zija, ndipo mayina akuti Caspar, Melchior ndi Balthasar adabwera pambuyo pake kudzera m'miyambo ya mpingo. Ku Germany ulemu wa mafumu atatuwa udakula kwambiri kuyambira m'chaka cha 1164, pamene Arkiepiskopi Rainald von Dassel adachotsa ku Milan mafupa amene anthu ankakhulupirira kuti ndi a anzeruwo n'kuwapititsa ku Cologne, komwe akusungidwa mpaka lero m'bokosi lagolide m'tchalitchi chachikulu cha mzindawo.

Kuyenda khomo ndi khomo ndi nyenyezi kudafala m'zaka za m'ma 1500. Koma pano pali mfundo imene ambiri saidziwa: oimba a masiku amenewo ankapempha zodyetsa mimba zawo. Ambiri adali ana a sukulu osauka ndi anthu ena osowa pogwira m'nyengo ya chisanu, ndipo mkate, mtedza kapena kandalama kamene ankalandira kankawathandiza iwo eni kudutsa miyezi yovutayo. M'madera ena akuluakulu a boma adafika pouletsa mwambowu chifukwa ankauona ngati kupemphetsa wamba kosokoneza mtendere.

Nanga zidatheka bwanji kuti kudzipemphera thandizo kusanduke kupemphera ena thandizo?

Nkhani yake ili ndi magawo atatu, ndipo gawo lapakati ndi limene limandikhudza mtima kuposa ena.

Mu 1843 Episkopi Charles de Forbin-Janson wa ku Nancy, m'dziko la France, atamva za makanda otayidwa ku China, adayambitsa bungwe limene adalimanga pa ana eni ake osati pa anthu olemera. Adapempha mwana aliyense zinthu ziwiri zokha: pemphero lalifupi tsiku ndi tsiku, ndi kakobiri kamodzi pa mwezi. Maganizo ake adali akuti ana athandize ana anzawo.

Patapita zaka zitatu, pa 2 Febuluwale 1846, bungwe la mtundu womwewo lidakhazikitsidwa mumzinda wa Aachen ku Germany, ndipo amene adalikankha mpaka kukhazikika adali Auguste von Sartorius, mtsikana wa zaka 15. Iye adayamba kusonkhanitsa ndalama pakati pa anzake ndi abale ake, ndipo sadasiye kuumiriza akuluakulu mpaka iwo adavomera kuipatsa ntchitoyo maziko. Mtsikanayu pambuyo pake adalowa usisitere ndipo adafika pokhala mkulu wa chipani chake pa dziko lonse. Bungwe limene lidaphuka pa khama lake ndi limene lero limatchedwa Kindermissionswerk, ndipo likulu lake likadali ku Aachen konko. Tikamanena kuti ntchitoyi ndi ya ana sitikukometsa mawu, pakuti mbewu yake yomwe idafesedwa ndi mwana.

Gawo lachitatu lidadza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ku Austria, m'nyengo ya Khirisimasi ya 1954 kulowa 1955, ana a bungwe la Katholische Jungschar adatsitsimutsa mwambo wakale wa nyenyezi ndi cholinga chopeza ndalama zogulira wamishoni njinga yamoto imodzi, koma zimene adasonkhanitsa zidakwanira njinga zamoto zitatu. Ku Germany, Kindermissionswerk idayambitsa ntchitoyi m'dziko lonse mu 1959, ndipo mu 1961 bungwe la achinyamata achikatolika la BDKJ lidalowa nawo ngati mnzake woyendetsa. Chotero ana adayamba kuyenda m'misewu yomwe ija, atanyamula nyenyezi yomwe ija, koma tsopano dzanja lotambasulalo likupemphera thandizo munthu amene sadzaonana naye.

Kodi zilembo zimene amalemba pakhomo zimatanthauza chiyani?

Amalemba manambala a chakacho atagawidwa pawiri, pakati pake pali zilembo zitatu. Mwachitsanzo, cha 2025 chidalembedwa motere: 20*C+M+B+25. Anthu ambiri amaganiza kuti C, M ndi B ndi mayina a mafumu aja, koma oyendetsa ntchitoyi amafotokoza kuti zilembozi zikuimira mawu a Chilatini akuti Christus mansionem benedicat, ndiye kuti Khristu adalitse nyumba ino. Kanyenyeziko kakuimira nyenyezi ya ku Betelehemu, ndipo timitanda titatu tikuimira Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Poti zitseko zambiri za masiku ano n'zoyera kapena zoterera moti choko sichigwira, anawo amanyamulanso timapepala tomata tolembedwa kale. Chizindikirocho chimakhala pakhomopo chaka chonse.

Ana angasonkhanitse ndalama zingati poyenda pansi chonchi?

Chaka choyamba ku Germany, mu 1959, maparishi pafupifupi 100 ndiwo adatenga mbali, ndipo adapeza ndalama zokwana 90,000 za mtundu wa Mark umene unkagwira ntchito masiku amenewo. M'zaka zaposachedwa ndalama za chaka chimodzi zakhala zikudutsa mayuro 45 miliyoni, kupatula zaka za mliri wa Covid-19, ndipo zonse zimene zasonkhanitsidwa kuyambira 1959 zidadutsa kale mayuro 1 biliyoni. Ndi chifukwa chake ntchitoyi imatchulidwa kuti ndi yaikulu kuposa ina iliyonse pa dziko lapansi imene ana amachitira ana anzawo.

Tisaiwale kuti chuma chonsechi chimalowa pa kabowo ka kabokosi, pang'onopang'ono, khomo ndi khomo. Palibe mwana mmodzi amene angaloze chipatala n'kunena kuti ndamanga ndine, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma mapazi ang'onoang'ono a ana zikwi mazana atatu akayenda sabata imodzi zipatala zimamangidwa ndithu.

Ndalamazo zimapita kuti, ndipo kodi Malawi adapindulapo?

Parishi iliyonse imatumiza zonse zimene yasonkhanitsa ku Aachen, ndipo kumeneko komiti yapadera imaunika mapempho ochokera ku madayosizi, zipani za asisitere ndi ansembe, ndi mabungwe ena a m'mayiko pafupifupi 100. Thandizo limapita ku sukulu, zipatala, chakudya cha ana, malo osamalira ana olumala, ana a m'misewu, ana ogwiritsidwa ntchito zolemetsa ndi ana othawa nkhondo, popanda kufunsa kuti mwanayo ndi wa chipembedzo chanji.

Chaka chilichonse amasankha dziko limodzi kapena angapo ngati chitsanzo, kuti ana oyenda m'misewu adziwe amene akuwayendera. Mu 2013 chitsanzo chidali Tanzania pa nkhani ya umoyo, mu 2017 Kenya pa nkhani ya kusintha kwa nyengo m'dera louma la Turkana, mu 2018 India pa nkhani ya kugwiritsa ana ntchito, ndipo mu 2021 Ukraine, komwe ana ambiri amakula makolo awo ali kunja kukafuna ntchito. Mu 2014 chitsanzo chidali Malawi, ndipo mutu wa chakacho udali chiyembekezo cha ana othawa kwawo. Maso onse adaloza ku msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, malo amene kale adali ndende ya andale ndipo kuyambira 1994 akhala akulandira anthu othawa ku Democratic Republic of Congo, Burundi, Rwanda ndi mayiko ena. Msasawu udakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma m'zaka zaposachedwa chiwerengero chidadutsa 50,000, ndipo gawo lalikulu ndi ana, amene sukulu zawo zakhala zikuyendetsedwa ndi bungwe la Jesuit Refugee Service. Choncho m'Januwale wa 2014 ana a ku Bavaria ndi madera ena a ku Germany, amene ambiri sadali atamvapo dzina la Dowa, ankaima pa makomo akufotokozera eni nyumba za moyo wa mwana wa ku Dzaleka.

Dziko lachitsanzo silitenga ndalama zonse za chakacho. Ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa, ndipo ndalama zimagawidwa ku mayiko onse monga mwa nthawi zonse.

Kodi anawo salandirako kanthu?

Ndalama salandira, ndipo kabokosiko kamatsegulidwa ndi kuwerengedwa ku parishi. Chimene eni nyumba amawapatsa iwo eni ndi maswiti ndi chokoleti, ndipo pofika madzulo matumba amakhala atadzaza. Apa ndi pamene chifundo chosayembekezereka chimaonekera poyera, chifukwa m'maparishi ambiri ana amapatulako gawo la maswiti awo n'kukapereka ku malo ogawira chakudya mabanja osauka a m'dera lawo, amene ku Germany amatchedwa Tafel, kapena ku nyumba zosungira ana ndi anthu osowa pokhala. Ndalama za m'kabokosi sizidali zawo chiyambire, kotero kuzipereka sikupweteka. Maswiti ndiwo malipiro awo enieni a tsiku lonse loyenda m'chisanu, ndipo aliyense amene adayesapo kupempha mwana siwiti imene ili kale m'manja mwake akudziwa kulemera kwa mphatso imeneyi.

Kodi chimenechi ndi chifundo cha ana, kapena ndi akuluakulu amene akugwiritsa ntchito nkhope za ana kuti apeze ndalama?

Funsoli ndi loyenera, ndipo siliyenera kuyankhidwa mothamanga. N'zoona kuti popanda akuluakulu ntchitoyi singayende. Amayi ndi agogo ndiwo amasoka mikanjo, a m'parishi ndiwo amagawa misewu, ena amaphika chakudya chamasana, ena amayendetsa galimoto kupita ku midzi yotalikirana. N'zoonanso kuti munthu amavutika kubweza mwana wovala chisoti chapepala amene waimba pakhomo pake, ndipo oyendetsa ntchitoyi akudziwa bwino zimenezi.

Komabe ine sindikuona kuti zimenezi zikuchotsa kanthu pa chifundo cha anawo. Palibe lamulo lokakamiza mwana kutenga mbali; amalembetsa yekha, ndipo ambiri amabweranso chaka chotsatira ngakhale akudziwa kale kuzizira kwake, kutopa kwa miyendo, ndi makomo amene satsegulidwa kapena amene amatsekedwa mwaukali. Asanatuluke amakumana kuphunzira za dziko lachitsanzo kudzera m'mafilimu, masewero ndi zokambirana, kotero amadziwa chimene akupemphera. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amene angathe kuuza munthu wachilendo chifukwa chake mnzake wa ku msasa wa othawa kwawo akufunika sukulu salinso chithunzi chokopera ndalama, wasanduka mboni.

Ndikuganiza kuti timatcha chifundo cha ana chosayembekezereka chifukwa choti ife akuluakulu sitimachiyembekezera, osati chifukwa choti n'chosowa. Mwana amamva msanga kupanda chilungamo, ndipo akamva kuti wina wa msinkhu wake wagona ndi njala safunsa mafunso ambiri amene ife timadzitchinjiriza nawo. Chimene amasowa ndi njira yochitira kanthu. Akuluakulu a ku Aachen ndi a m'maparishi sadaike chifundo mumtima mwa anawa. Adangochilambulira njira, adachipatsa tsiku, chovala ndi kabokosi. Paja amati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo ambiri mwa achinyamata amene amaperekeza timaguluti lero ndi omwe adanyamula nyenyezi ali aang'ono.

Pali phindu lina limene silimawerengedwa pa ndalama. M'mizinda ya ku Ulaya muli okalamba ambiri okhala okha, ndipo kwa ena a iwo kugogoda kwa anawa ndi ulendo wokhawo umene amalandira m'nyengo yonse ya chikondwerero. Timagulu tambiri timapitanso m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba.

Ndidamva kuti mmodzi wa anawo amapakidwa nkhope kuti ide. Kodi zimenezi n'zoona?

Zakhala zikuchitika kwa nthawi yaitali. Ojambula zithunzi a ku Ulaya a zaka mazana apitawo ankaonetsa mafumu atatuwo ngati oimira zigawo zitatu za dziko zimene ankazidziwa, Ulaya, Asia ndi Africa, ndipo mfumu imodzi ankaijambula yakuda pofuna kunena kuti anthu a mitundu yonse adaitanidwa ku Betelehemu. Potsatira zithunzizo, magulu ambiri ankapaka mwana mmodzi mwaye kapena utoto kumaso.

Cholinga choyambacho chidali cha ulemu, koma mchitidwe wa mzungu kudzidetsa nkhope uli ndi mbiri ina yowawa, ya masewero onyoza anthu akuda, ndipo anthu akuda okhala ku Germany ndi ku Austria adanena poyera kuti zimawapweteka. Masiku ano Kindermissionswerk imalangiza maparishi kuti asapakenso ana nkhope, ndipo imati mwana aliyense abwere monga alili. Ndikugwirizana nalo langizoli ndi mtima wonse. Khungu la munthu si chovala choti wina avale m'mawa n'kuchisamba madzulo, ndipo m'maparishi a ku Germany lero muli ana ambiri ochokera m'mabanja a ku Africa amene amavala chisoti chachifumu pamodzi ndi anzawo popanda kufuna utoto uliwonse.

Kodi sizikutanthauza kuti ana a ku Ulaya ndi opereka nthawi zonse, ndipo a ku Africa ndi olandira nthawi zonse?

Ngoziyo ilipo, ndipo ntchito iliyonse yachifundo yochokera ku mayiko olemera iyenera kuiyang'anitsitsa, chifukwa mwana amene amangoona zithunzi za anzake a ku Africa ali m'mavuto angakule akuganiza kuti Africa yense ndi dzanja lotambasula. Koma maganizo a 1843 aja sadagawe ana m'magulu awiri otero. Bungwe la Forbin-Janson, limene Papa Pius XI adaliika pansi pa ulamuliro wa Apapa mu 1922, lidafalikira m'mayiko oposa 100, ndipo lamulo lake ndi lakuti ana a dziko lililonse, losauka kapena lolemera, amapereka ku thumba limodzi.

Ku Malawi bungweli limadziwika ndi dzina lakuti Utumiki wa Ana, ndipo tsiku lake lalikulu ndi Lamulungu la Epifania, nyengo yomweyo imene ana a ku Germany amakhala ali m'misewu. Pa tsikuli ana a m'maparishi achikatolika amatsogolera mbali zambiri za mwambo wa Misa, monga kuwerenga mawu, kuimba ndi kunyamula zopereka, ndipo chopereka cha tsikulo chimapita ku thumba lothandizira ana a dziko lonse. Ndalama ya mwana wa ku Dedza kapena ku Mangochi ndi yochepa poiyerekeza ndi mayuro a ku Cologne, koma imalowa m'ntchito imodzi ndipo imamupatsa ulemu womwewo, wa munthu amene ali ndi kanthu kopatsa mnzake.

Kodi ntchitoyi ndi ya Akatolika okha?

Oyendetsa ake ndi mabungwe achikatolika, koma m'madera ambiri ana a mipingo ya Chiprotestanti amayenda nawo, ndipo anzawo a ku sukulu a zipembedzo zina kapena opanda chipembedzo saletsedwa. Makomo amene amagogodapo nawonso si a Akatolika okha. M'midzi ing'onoing'ono amayendera nyumba iliyonse, pamene m'mizinda ikuluikulu, momwe ana sangakwanitse misewu yonse, ofuna kuyenderedwa amalembetsa ku parishi.

Boma nalo limaulemekeza mwambowu. Kuyambira 1984, m'nthawi ya Helmut Kohl, Chansala wa Germany, amene ndi mtsogoleri wa boma, amalandira ana oimba a nyenyezi ku ofesi yake kumayambiriro kwa chaka, ana anayi kuchokera ku dayosizi iliyonse mwa madayosizi 27, onse pamodzi 108, ndipo dalitso lija limalembedwanso pa nyumba ya boma. Mu 2015 mwambowu udalowetsedwa m'kaundula wa dziko la Germany wa miyambo yofunika kusungidwa.

Anawo amatetezedwa bwanji poyenda m'makomo a anthu osawadziwa?

Kagulu kalikonse kamayenda ndi woperekeza, ndipo ana sayenera kulowa m'nyumba ya munthu ali okha. Woperekezayo amanyamula chiphaso chochokera ku parishi, chimene chimatetezanso eni nyumba kwa anthu achinyengo amene angavale mikanjo n'kumadzisonkhanitsira ndalama. Madayosizi a ku Germany ali ndi malamulo a chitetezo cha ana amene amakhudza aliyense wogwira ntchito ndi ana m'parishi, ndipo mutu wa chaka cha 2023, pamene dziko lachitsanzo lidali Indonesia, udali wa kulimbikitsa ndi kuteteza ana ku nkhanza.

Nanga m'nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene kuyenderana kudaletsedwa, zidatha bwanji?

M'Januwale wa 2021 dziko la Germany lidali pa malamulo okhwima oletsa anthu kusonkhana, ndipo kwa nthawi yoyamba kuyambira 1959 kuyenda khomo ndi khomo kudaimitsidwa pafupifupi paliponse. Ambiri ankayembekezera kuti chaka chimenecho chidzangodutsa chopanda kanthu. M'malo mwake ana ndi owaperekeza adalongedza timapepala ta dalitso m'maenivelopu n'kumaponya m'mabokosi a makalata a nyumba ndi nyumba, adajambula mavidiyo akuimba aliyense ali kwawo n'kuwatumiza pa intaneti, ndipo komwe malamulo adalola kuima panja, ankalandira chopereka ndi kaukonde komangirira kunsonga ya ndodo yaitali kuti asayandikire mwini nyumba. Nthawi yosonkhanitsira idatalikitsidwa mpaka pa 2 Febuluwale. Zitawerengedwa zonse, chaka chimenecho adapeza mayuro pafupifupi 38 miliyoni, ndipo pofika 2023, ana atabwereranso m'misewu, ndalamazo zidakweranso kudutsa mayuro 45 miliyoni.